Mawu akuti "afraid"

Aphunzitsi amene amasulidwa ku Chalimbana, m'boma la Chongwe, amadziwa kuti mawu a Chingelezi akuti "afraid" amapunthwitsa ana ambiri, pakuti pamene ife timati munthu ali ndi mantha, monga ngati mantha ndi katundu wosenza, mawuwa ndi mfotokozi amene sakhala konse patsogolo pa dzina, koma amatsatira mneni. Mwana woima m'mbali mwa mtsinje wa Chongwe utasefukira anganene kuti "I am afraid of the water", kapena "afraid to cross" akamaopa kuwoloka. Chondikondweretsa ine nchakuti mawu omwewa alinso aulemu: kalaliki akati "I am afraid", mtima wake sukugunda ayi, koma akupepesa asanatule uthenga wosakoma.