Mfiti za ku Kitwe zinabwerera, koma zinapeza ndani pabwalo?

Mu June 2023 gulu loimba la ku Zambia lotchedwa WITCH linatulutsa chimbale chatsopano, Zango. Chimbale chawo chomaliza m'mbuyomo chinali Kuomboka cha mu 1984. Werengani nokha, ndi zaka 39 zimenezo. Mwana amene anabadwa chaka cha Kuomboka, pamene Zango imatuluka n'kuti atayamba imvi m'mbali mwa makutumu, mwinanso akulipirira ana ake fizi ku sekondale. Chimbalechi ndachimvera kambirimbiri ndipo n'chokoma, pamenepo palibe mlandu. Chimene chimandizunguza ine n'chakuti, gulu likakhala chete zaka zonsezo, amene amadzalandira chimbale chake chatsopano amakhala ndani?

Kuti timvane bwino tiyambire ku Kitwe, m'chigawo cha migodi cha Copperbelt, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Zambia inali italandira ufulu wodzilamulira mu 1964, ndipo mkuwa unali pamtengo wabwino. Anthu a m'migodi ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi, makampani a migodi anali ndi maholo ndi makalabu awo, ndipo m'masitolo munkapezeka mbale za galamafoni za Jimi Hendrix, The Rolling Stones, Deep Purple ndi James Brown. Anyamata a m'makomboni anazimvera mbalezo mpaka kuzikanda, kenako anatola magitala. Mmodzi mwa iwo anali Emmanuel Chanda, amene anzake anamupatsa dzina loti Jagari chifukwa cha kadumphidwe kake pa siteji kofanana ndi ka Mick Jagger. Iyeyu pamodzi ndi Chris Mbewe, John Muma, Gedeon Mulenga ndi Boidi Sinkala ndiwo anakhala WITCH. M'Chingerezi mawuwa amatanthauza mfiti, koma zilembo zakezo anazipatsanso tanthauzo lina, We Intend To Cause Havoc, ngati kunena kuti tabwera kudzasokoneza. Taganizani makolo a nthawi imeneyo akumva kuti mwana wawo wapita kukavina kwa afiti.

Sanali okha. Kunali Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya, kunali Amanaz amene anatulutsa chimbale cha Africa mu 1975, kunalinso Paul Ngozi ndi Ngozi Family, amene nyimbo zake zambiri ife a Chichewa timazimva popanda womasulira. Maimbidwe awo anapatsidwa dzina loti Zamrock: gitala wolira mosasa mawu ngati wagwidwa chimfine, ng'oma zolemera, mawu osakaniza Chingerezi, Chibemba ndi Chinyanja. WITCH inatulutsa zimbale motsatizana, Introduction, In the Past, kenako Lazy Bones!! mu 1975, chimene ambiri mpaka lero amati ndicho chimbale chawo chenicheni. Chapakati pa zaka zomwezo Kenneth Kaunda, yemwenso ankakhoza kuimba gitala, analamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pa wailesi ya boma zikhale za ku Zambia konko. Cholinga chake chinali kuteteza chikhalidwe. Zimene zinachitika n'zakuti anyamata a afro ndi nsapato za gogoda aja anapeza wailesi yonse ili yawo, bola nyimboyo aipeke okha.

Apa ndimaima kaye n'kuyang'ana kwathu kuno. Zaka zomwezo ku Malawi mwamuna wa tsitsi lalitali amatha kumetedwa mokakamiza, lamulo la kavalidwe la mu 1973 linali pa ntchito, ndipo bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo limene linakhazikitsidwa mu 1968 silinkagona tulo. Malire a Mchinji ndi Chipata ndi kamtunda kochepa, koma mnyamata wonga Jagari akanabadwira mbali ino, kaya akanadumpha kangati asanaitanidwe kukafotokoza.

Chisangalalo cha ku Copperbelt sichinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa kuyambira mu 1974 kulowa 1975, ndipo dziko limene ndalama zake zakunja pafupifupi zonse zinkachokera ku mkuwa linayamba kupuma movutikira. Munthu amene akuima pa mzere wa ufa sagula mbale ya galamafoni. Nkhondo ya ku Rhodesia nayo inawolokera ku Zambia: mu 1978 ndege za boma la Ian Smith zinaphulitsa misasa ya omenyera ufulu kufupi ndi Lusaka, ndipo panabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi. Oimba anayamba kuimba masana dzuwa likuswa mtengo, kapena kutsekeredwa m'holo mpaka mbandakucha. Jagari anachoka m'gululo n'kukaphunzira zauphunzitsi. Otsalawo anatembenukira ku disiko, ndipo panthawi imeneyo ndi pamene Patrick Mwondela, woimba kiyibodi, anatchuka nalo gululi pa zimbale za Movin' On ndi Kuomboka. Kenako kalindula inalanda wailesi ndi mabala.

Chimene chinamaliza zonse ndi Edzi. Mu 1987 Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wake Masuzgo anamwalira ndi matendawa, pa nthawi imene atsogoleri ambiri sankafuna n'komwe kutchula dzina lake. Oimba a Zamrock anagwa ngati chimanga chogwidwa ndi mphepo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa anyamata amene anayambitsa WITCH, anapita mmodzimmodzi mpaka anatsala Jagari yekha, amene pambuyo pake anakathera m'tchire kukumba miyala ya mtengo wapatali. Koma paja matendawa sankasankha oimba okha. Anatenganso ovina, aja ankadzaza maholo a ku Kitwe, Ndola ndi Chingola Loweruka usiku. Mbiri ya Zamrock ikamakambidwa, anthu amawerenga oimba amene anafa. Omvera amene anafa sawerengedwa, pamene iwowo ndi amene akanatiuza lero ngati Zango ikumveka ngati WITCH kapena ayi.

Amene anadzafukula nyimbozi anachokera kutali. Osonkhanitsa mbale zakale a ku Ulaya ndi ku America anayamba kusakasaka mbale za Zamrock n'kumazigula pa mitengo imene oimba ake sanaionepo. Kampani ya Now-Again Records ya ku Los Angeles inatulutsanso zimbale za WITCH za nthawi ya Jagari m'bokosi limodzi mu 2012. Mtaliyana wina wojambula mafilimu, Gio Arlotta, anapita ku Zambia kukamufuna Jagari, ndipo filimu yake yotchedwa We Intend To Cause Havoc inatuluka mu 2019. Anapita ndi oimba awiri a ku Netherlands, Jacco Gardner ndi Nic Mauskovic, amene anatsalira m'gululo, wina pa gitala ya besi, wina pa ng'oma. Akuluakulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. N'zoona. Koma kalumo kameneko kamametanso mmene mwini wake akufunira.

Ndikutero chifukwa alendowa anakonda WITCH ya mtundu umodzi, ya gitala wosasa uja, ya Lazy Bones!!, imene inkafanana ndi nyimbo zimene iwo ankazidziwa kale kwawo. Zango anaijambulira ku DB Studios ku Lusaka, komwe anajambulira Lazy Bones!! zaka zambiri m'mbuyomo, ndipo anayesetsa kuti imveke ngati ya masiku amenewo. Mukaiika m'makutu mumamva kufunda kwa zipangizo zakale, gitala akukanda, kiyibodi ya Mwondela ikuyenda pansi ngati madzi. Muli Keith Kabwe wa Amanaz pa nyimbo ya Nshingilile. Muli Sampa the Great, mtsikana wa rap wobadwira ku Zambia amene anatchukira ku Australia, pa Avalanche of Love. Muli mawu a amayi awiri, Theresa Ng'ambi ndi Hanna Tembo, amene kwa ine ndiwo anachipatsa chimbalechi fungo la kwawo. Nyimbo ya Waile imandigwira pamtima nthawi zonse, mwina chifukwa m'menemo mkulu Jagari sakuyesa kukhala mnyamata wa mu 1975, akuimba ngati munthu amene waika m'manda anzake onse.

Kunja anachilandira ndi manja awiri. Olemba za nyimbo ku Britain ndi ku America anachiyamikira, gululi linayendera mizinda ya ku Ulaya ndi ku America, ndipo mukaonera makanema a zoimbaimba zawo pa YouTube mudzaona khamu la achinyamata, ambiri azungu, akudumpha ndi nkhalamba imene ikanakhala agogo awo. Sindiwanyoza ayi. Popanda iwowo Jagari bwenzi akukumbabe miyala. Koma kalembedwe kawo kamanditopetsa penapake: nkhani imayamba ndi munthu wotayika, amene anapezeka, ngati kuti asanafike wa kamera uja anthu a ku Zambia sankadziwa kumene mkuluyu amagona.

Amalume anga anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Copperbelt, monga Amalawi ambiri a msinkhu wawo, ndipo WITCH anaionerapo maso ndi maso. Tsiku lina ndinawaikira Zango pa foni. Anamvera nyimbo ziwiri ali duu, dzanja pa chibwano.

"Ameneyo ndi Jagari ndithu," anatero. "Mawuwo ndi ake. Nanga woimba gitalayo ndani?"

Ndinawauza kuti ndi anyamata a ku Ulaya.

"Aaa, akuimba bwino. Akuimba mwaulemu kwambiri. Mbewe sankaimba mwaulemu, mphwanga. Ankaimba ngati ali ndi ngongole."

Sananene kuti chimbalecho n'choipa. Anandiuza kuti ndiwabwerezere Waile, kenako anayamba kutchula mayina a anzawo amene ankapita nawo ku dansi, ndipo dzina lililonse ankalitsatiza ndi mawu oti malemu. Nyimboyo inatha iwo akuwerengabe.

Achinyamata akuno njira yawo yofikira ku Zamrock ndi ina, ndipo imandiseketsa. Mu 2023 Travis Scott anatenga kachidutswa ka nyimbo ya Amanaz n'kukaika mu Sirens. Mu 2024 Tyler, the Creator anachitanso chimodzimodzi ndi nyimbo ya Ngozi Family, Nizakupanga Ngozi, mu nyimbo yake ya Noid. Ana a mchemwali wanga anadzidzimuka kumva Chinyanja m'nyimbo ya ku America, n'kuyamba kufufuza pa intaneti kuti ameneyu ndani. Ndiye kuti nyimbo yachoka ku Lusaka, yakazungulira ku Los Angeles, yatenga zaka pafupifupi makumi asanu, kuti ifike kwa mwana wa ku Lilongwe amene akanakwera basi m'mawa n'kukafika ku Lusaka tsiku lomwelo. Nditawaikira Zango anati ikukoma, koma anafunsa kuti, eti amalume, imeneyi ndi yakale kapena yatsopano? Funso limeneli ndinalikonda kuposa ndemanga zonse zimene ndinawerenga, chifukwa chimbalecho chinapangidwa dala kuti munthu asasiyanitse.

Ine mbali yanga ndi iyi. Zango imafooka pamene ikuyesetsa kutsimikizira alendo kuti WITCH idakali yomwe ija ya m'bokosi la Now-Again, ndipo imalimba pamene yaiwala za alendowo, amayi aja akamalandizana mawu ndi Jagari ngati pa mwambo wa kumudzi. Nyimbo zoterozo sizifuna kuti munthu adziwe mbiri ya mkuwa kapena ya Kaunda. Amalume anga ndi adzukulu awo anagwedezera mutu pa malo amodzimodzi.

Mu June 2025 gululi linatulutsanso chimbale china, ndipo ulendo uno sanadikire zaka 39, anangodikira ziwiri. Anachitcha Sogolo. Olemba a kunja anayenera kuwafotokozera owerenga awo tanthauzo la dzinalo. Ife timangobwezerapo ka t kamene Chinyanja cha ku Lusaka chinakagwetsa panjira.