Kujambula Mtima Wosaima

Wodwala woyamba kulowa m'makina a CT anajambulidwa ubongo pa 1 Okutobala 1971 kuchipatala cha Atkinson Morley mumzinda wa London. Panali chifukwa chimene Godfrey Hounsfield, wopanga makinawo, anayambira kumutu. Makina ake ankatha mphindi zingapo pa chithunzi chimodzi, ndipo mutu umatheka kuugwira kuti usagwedezeke, pomwe mtima sungauuze kuti udikire kaye. Mitsempha yodyetsa mtima ndi yopyapyala, mamilimita 3 kapena 4 kumene yayambira, ndipo imadumpha pa kugunda kulikonse. N'chifukwa chake kwa zaka zambiri wofuna kuiona ankatsata njira imene Mason Sones anaitulukira mwangozi ku Cleveland Clinic mu 1958, yolowetsa kachubu mpaka pakamwa pa mtsempha n'kuthiramo mankhwala ooneka pa X-ray.

Mbiri ya ntchitoyi imakonda kufotokozedwa ngati mpikisano wa liwiro, ndipo umboni wake ulipo. M'zaka za m'ma 1980, Douglas Boyd ndi kampani ya Imatron anapanga makina opanda chubu chozungulira, ojambula m'gawo limodzi la magawo 10 a sekondi. Makina a mizere 4 anabwera mu 1998, a mizere 64 mu 2004, ndipo mu 2007 Toshiba inatulutsa a mizere 320, otha kutenga mtima wonse pozungulira kamodzi. Komabe liwiro ndi theka chabe la nkhaniyi. Chimene chinachotsa chimbuuzi pazithunzi ndi kuzindikira kuti mtima uli ndi kanthawi kamene umadekha, pamene ukudzaza magazi usanapopenso, ndi kuti kanthawiko kamatalika mtima ukamagunda pang'onopang'ono. Makina analumikizidwa ku ECG kuti azidziwa kanthawiko. Wodwala anayamba kupatsidwa mankhwala monga metoprolol kuti mtima utsike kufika pa 60 pa mphindi, nitroglycerin pansi pa lilime kuti mitsempha ifutukuke, ndiponso kuyeseza kugwira mpweya asanagone pabedi la makinawo. Amene wapuma pakati pa sikani, kapena amene mtima wake wadumpha kamodzi, amatuluka ndi chithunzi cha mtsempha wooneka ngati makwerero, ndipo dokotala wosasamala angauyese wotsekeka.

Ena angatsutse kuti zonsezi zinali zongodikirira makina abwino. Akhoza kuloza makina a machubu awiri amene Siemens inatulutsa mu 2005, omwe amajambula bwino ngakhale mtima wothamangirapo. N'zoona, koma taonani mtengo wa njira yoyamba yogwiritsa ntchito ECG: makina ankayatsa cheza nthawi yonse kuti pambuyo pake asankhe zithunzi zodekha, ndipo wodwala ankalandira cheza chochuluka. Chezacho chinatsika kwambiri pamene anayamba kuyatsa pa kanthawi kodekha kokhako, njira imene imafunanso mtima wogunda mwadongosolo. Ndipo pali chilema china chimene liwiro silichikhudza n'komwe. Kashiamu wouma m'khoma la mtsempha, kapena kachitsulo kotsegulira mtsempha, amawala n'kuoneka wamkulu kuposa mmene alili, mpata wa magazi n'kuoneka wochepa. Kashiamu yemweyo amene Arthur Agatston anaphunzitsa madokotala kumuyeza mu 1990 ndiye amaphimba chimene akufuna kuona, makamaka mwa okalamba ndi odwala shuga. Makina owerenga cheza kadontho ndi kadontho, amene analoledwa ku America mu 2021, achepetsako vutoli, koma zipatala zokhala nawo n'zochepa, ndipo wodwala wa kashiamu wambiri nthawi zambiri amatumizidwabe kukachubu.