Galasi la Pamphuno ndi Galasi la M'diso

Munthu amene wayendapo m'makwalala a Mzilawaingwe nyengo ya chisanu, pamene nkhungu ya ku Viphya yatsikira pa mzinda wa Mzuzu ndi kuphimba madenga a malata, kotero kuti wobwera patsogolo pako umayamba kumva mapazi ake nkhope usanaione, ameneyo walawako pang'ono moyo wa anthu osaona patali. Pakuti kwa iwo nkhungu yotere siyera ngakhale dzuwa litafika paliwombo. Dzina la Mzilawaingwe ndi la Chingoni, lonena za njira ya nyalugwe, ndipo likutikumbutsa kuti kuno kunali thengo kufikira 1947, chaka chimene kunatsegulidwa minda ya mitengo ya tung, imene inakoka anthu a mitundu yambiri kudzamanga mudzi umene unasanduka mzinda mu 1985.

M'masiku amenewo wodwala maso analibe pothawira pambiri. Kunali asing'anga a zitsamba odontheza madzi a masamba m'diso, kunalinso zipatala za mishoni, monga cha Ekwendeni ndi cha David Gordon ku Livingstonia. Koma nkhalamba imene maso ake achita ng'ala inkangokhala pakhonde monga Isake muukalamba wake, kuzindikira ana ake ndi mawu ndi manja, mdzukulu atasiya sukulu kuti azigwira ndodo. Amene anachita mwayi wochotsedwa ng'ala ankabwerera ndi mandala okhuthala ngati pansi pa botolo, pakuti dokotala, pochotsa kagalasi kachibadwa kamene kachita mtambo, ankasiya diso lopanda choonetsera. Ndikukumbuka gogo wina wa m'dera lathu amene anamanga mandala ake ndi chingwe cha mlaza kuzungulira mutu, nawasunga m'kansalu usiku ngati chuma cha mfumu. Ndipo tsiku limene anagwa ndi kusweka pa mwala wochapira, khungu linabwerera monga poyamba.

Chithandizo cha gogo ameneyu chinali chitabadwa kale kutsidya la nyanja, iye osadziwa. Dokotala Harold Ridley wa ku London, poyang'ana maso a asilikali oyendetsa ndege a nkhondo yachiwiri, anaona kuti tizidutswa ta pulasitiki ya mawindo a ndege tikalowa m'diso timakhalamo mwamtendere, thupi osatikana. Ndipo pa 29 November 1949, m'chipatala cha St Thomas, anaika kagalasi ka pulasitiki yomweyo m'diso la munthu. Anzake ambiri anamunyoza kwa zaka, ndipo ngakhale nzeru yake italandiridwa, mtengo wake unali wa anthu olemera okha, kufikira pamene fakitale ya Aurolab ku Madurai, m'dziko la India, inayamba mu 1992 kupanga timagalasi totchipa, ena natsatira ku Eritrea ndi ku Nepal mothandizidwa ndi bungwe la Fred Hollows.

Kuno kwathu munda unali ukulimidwa. Dokotala Moses Chirambo, Mmalawi woyamba kukhala katswiri wa maso, amene pambuyo pake anakhala phungu wa ku Rumphi ndi nduna ya zaumoyo asanamwalire mu 2010, anazindikira kuti mutu umodzi susenza denga, nadzipereka kuphunzitsa ku Lilongwe madokotala othandizira a maso, ochokera kuno ndi ku mayiko oyandikana nafe, kuti ntchito ifike kumene iye yekha sakanafika. Chipatala chachikulu cha Mzuzu chitatsegulidwa mu 2000, anthu a Mzilawaingwe, Chiputula ndi Zolozolo anayamba kupeza pafupi chimene makolo awo ankachifuna ku Nkhoma ndi ku Blantyre. Amene anaonapo m'mawa wochotsa bandeji sauiwala: mayi wokalamba aphethira kawiri katatu, ayang'ana zikhato zake, kenaka atembenukira mwana amene wamuperekeza, nati, "Mwananga, imvi zonsezi zinamera liti?"

Tsono nthenda yosaona patali ndi ina, ndipo tisaisokoneze ndi ng'ala. Mwini wake kagalasi kake ndi koyera bwino, koma diso linatalika kuchokera kumaso kunka kumbuyo, kotero kuti chithunzi cha zinthu zakutali chimakhazikika chisanafike pa khoma la kumbuyo limene limachilandira. Kawirikawiri imayamba mwana ali pasukulu, ndipo siipweteka, ndicho chifukwa chake imabisala: mwana atsinzinira maso poyang'ana bolodi, akopera m'kope la mnzake zolakwa ndi zolondola zomwe, ayandikitsa buku kumphuno, ndipo akulu amutcha waulesi kapena wogona m'mutu, pamene iye akuyesa kuti dziko lonse limaoneka chomwecho kwa aliyense.

Kwa zaka mazana ambiri mankhwala ake anali mandala okha, amene anayambira ku Italy cha m'ma 1280. M'zaka za m'ma 1980 madokotala anayamba kusema ndi kuwala kwa laser chiwalo choonekera cha kumaso kwa diso, chotchedwa cornea, kuti chiphwatalale pang'ono. Ndipo njira ya LASIK, imene Ioannis Pallikaris wa ku Crete anaikhazikitsa cha m'ma 1990, inamasula anthu ochuluka ku mandala. Komabe wosema mtondo sabwezera chipalo chimene wachotsa. Ndipo munthu wa cornea yopyapyala, kapena amene vuto lake ndi lalikulu kwambiri, alibe nyama yokwanira kusemapo. Apa ndi pamene nzeru ya Ridley inabwerera m'chovala china. Kuyambira 1993 madokotala akhala akuika kagalasi kofewa kotchedwa ICL, kamene amakapinda ndi kukalowetsa pa kabala ka mamilimita atatu, nakayala kumbuyo kwa gawo lakuda la diso, patsogolo pa kagalasi kachibadwa kamene sachotsa. Ndipo ngati patabuka vuto, kangathe kutulutsidwanso. Koma walira mvula walira matope: kagalasika kangathe kuyambitsa ng'ala kapena kukweza mphamvu ya madzi a m'diso, ndipo pochepetsa ngoziyi opanga anaboola kabowo pakati pake kuti madziwo aziyenda, komabe mwini diso ayenera kupimitsa kawirikawiri moyo wake wonse, ndipo mtengo wake ndi wa iwo amene angathe kukwera ndege kunka ku Johannesburg kapena ku India.

Chodabwitsa m'mbiri iyi n'chakuti galasi la m'diso, limene olemera a kunja amalifuna kuti avule mandala, linafika kale ku Mzilawaingwe kudzera pakhomo la aumphawi, m'maso mwa agogo a ng'ala, pamene mdzukulu wawo wosaona patali kawirikawiri sanapimidwe n'komwe. Ichi ndicho chifukwa chake ndiyesa chinthu chachikulu kuti mu 2008 yunivesite ya Mzuzu, ku Luwinga kuno, inayamba maphunziro a akatswiri opima maso ndi kulemba mandala, ntchito imene dziko lathu linali kuisowa kwambiri. Pakuti ngakhale wofuna laser kapena ICL ayenera kuyambira pa mpando womwewo, kuwerenga zilembo zonka zichepa, diso lina ataliphimba.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kagalasi ka Ridley kanayenda zaka pafupifupi makumi asanu kuti kafike m'zipatala zathu, ndipo kamng'ono kake nakonso kadzatsika mtengo pa nthawi yake. Koma mwana amene lero akutsinzinira maso ku benchi ya kumbuyo sangadikire zaka makumi asanu, pakuti mayeso ake ndi a chaka chino. Inu makolo ndi aphunzitsi olemekezeka, mutengeni mukamupimitse, ndipo musavale mandala ogula pamsika osapimidwa. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo kwa mwana ameneyu galasi lake ndi lomwelo la pamphuno.