KAKOPE KANGA KA MABUKU NDI MBIRI YA ZOLEMBA ZATHU

Ndili ndi kakope kamene ndimalembamo buku lililonse limene ndamaliza kuwerenga: mutu wake, mlembi wake ndi chaka chimene linatuluka. Chizolowezichi ndinachiyamba pofuna kudzitama kwa anzanga basi. Koma sabata yatha, nditasanja mabuku a Chichewa amene ndawerenga miyezi yapitayi motsata zaka zake, ndinaona chinthu chimene sindinachiyembekezere. Nthawi iliyonse m'mbiri yathu panali munthu woima pakhomo, wosankha zoti Amalawi awerenge.

Loyamba pamndandandawu ndi Nthondo, buku la Samuel Josiah Ntara la mu 1933. Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Bukuli linapambana pa mpikisano wa bungwe la International Institute of African Languages and Cultures la ku London, ndipo mu 1934 m'busa T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi nalitcha Man of Africa. Nthondo ndi mnyamata wakuba ndi wosamva, amene apita kukagwira ntchito kunja, nabwerera kwao, nalowa ufumu, natembenuka mtima. Moyo wa pamudzi Ntara anaulemba mwaluso zedi, koma mathero ake ndi amene amishoni akadakondwera nao. Makina osindikizira anali ao.

Woima pakhomo wachiwiri anali boma la atsamunda. Mu 1948 linakhazikitsa ku Lusaka bungwe losindikiza mabuku a zinenero za ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo msika waukulu wa mabukuwo unali masukulu. Mlembi wofuna kuti buku lake lituluke anayenera kuganizira mwana wasukulu ndi mphunzitsi wake. Nchifukwa chake mabuku a E.W. Chafulumira, ngakhalenso Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe la mu 1965, amalangiza kwambiri. Chichewa chake nchokoma ngati uchi, koma nthawi zambiri wowerenga amakhala ngati namwali pamaso pa nankungwi.

Chaka cha 1968 ndicho chimandiimika mutu. Chaka chomwecho Chichewa chinasankhidwa kukhala chinenero cha dziko, ndipo chaka chomwechonso kunakhazikitsidwa lamulo lopatsa Censorship Board mphamvu yoletsa mabuku. Dzanja limodzi linakweza chinenero, linalo linatseka pakamwa. Gulu la alembi la ku Chancellor College, limene linayamba mu 1970, linaphunzira kulankhula mokuluwika. Ndakatulo za Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, zinakatulukira ku London mu 1981, m'Chingerezi, ndipo mwini wake anatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. M'zaka zomwezo Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba anatipatsa nkhani za m'Chichewa za chikondi, ndalama ndi mavuto a m'tauni. Ndinazikonda, koma ndale anazilambalala, ndipo sindingawadzudzule.

Ulamuliro wa chipani chimodzi unatha mu 1994. Kodi pakhomo patsala ndani? Yankho ndalipeza pa tsamba lomaliza la kakope kanga, pamene ndimalemba mabuku amene ndawafuna osawapeza. Tsambali ladzaza kuposa ena onse. Nthondo amene ndinawerenga ndinachita kubwereka, ndipo chikuto chinali chitathothoka. Zimene apolisi sanalande, chiswe ndi umphawi zikumaliza mwakachetechete.

Tsono pempho langa kwa inu anzanga a m'gulu lino ndi ili: aliyense asunge kakope kake, ndipo asaiwale kulemba chaka ndi wosindikiza. Tikadzakumananso tidzafananize masamba omaliza aja. Mwina buku limene ine ndalisowa lili m'sutikesi mwa agogo anu, ndipo lingathe kusindikizidwanso lisanawole.