Ukonde umaguga, munthu amakalamba

Pa doko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, chinthu chilichonse chili ndi kathedwe kake, ndipo kathedwe kalikonse kali ndi mawu ake. Ukonde ukagwira matemba zaka zingapo, ulusi n'kuyamba kuduka wokha, msodzi amati waguga. Nsungwi zopalasira ngalawa pamadzi osaya a nyanjayi zimafumbwa. Mpeni wotumbulira milamba umabuntha, chitenje cha mayi woyanika nsomba padzuwa chimasuluka, ndipo matayala a njinga za kabaza zochokera ku Jali amaperepeseka. Palibe msodzi amene anganene kuti mpeni wasuluka kapena kuti chitenje chabuntha. Anzake angamuseke mpaka pa chilumba cha Chisi.

Chodabwitsa n'chakuti anthu omwewa, osamala chonchi pa mawu a zipangizo, akafika pa munthu lilime limaterereka. Mnyamata amaloza bambo amene anamuphunzitsa kutchera mono n'kuti, "Amene aja anatha." Wina amati, "Anaguga." Ena, otengera zolembedwa pa mabotolo a mankhwala, afika poti, "Anatha ntchito." Ine ndikuti mawu amenewa ndi a katundu. Chinthu chikatha chimatayidwa kudzala, ndipo khutu la Mmalawi likamva "kutha" limamva dzala lomwelo, ngakhale wolankhulayo atanena kuti amangocheza.

Munthu amakula, kenako amakalamba. Awiriwa si amodzi. Kukula ndi ulemu, n'chifukwa chake timati "akuluakulu" ngakhale kwa mfumu yazaka 40. Kukalamba ndi zimene zaka zimachita pathupi: imvi, makwinya, msana wowerama, ndodo m'manja. Mawuwa si chipongwe konse. Amangonena zoona, ndipo mayi wa kwa Mwambo akhoza kudzinenera yekha kuti "ndakalamba, mwanangu" popanda kudandaula. Komanso kukalamba si kufooka. Wodwala malungo amafooka ali ndi zaka 20, ndipo alipo agogo amene amawokera mpunga ku sikimu ya Likangala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, achinyamata atathawira kale pamthunzi. Kutopa nako ndi kwa tsiku limodzi. Munthu amagona n'kudzuka ali bwino. Makolo ankanenanso kuti "ndalema", mawu amene ana a m'tauni akawamva amaganiza za ndalama kapena za katundu wolemera. Kulefuka kumakhudza mtima: msodzi wobwerako wopanda kanthu masiku otsatizana amalefuka ngakhale minofu ili yolimba. Tikasakaniza zonsezi n'kumatcha wokalamba aliyense wofooka kapena wotopa, timamulanda khasu akadali nalo mphamvu.

Pali ena amene akuti mawu oti "nkhalamba" tiwasiye chifukwa amatenga "i" ngati nyama: nkhalamba yafika, nkhalamba yadwala. Mfundoyi ndi yopepuka. Timatinso mfumu yafika, nduna yalankhula, ndipo palibe mfumu inakwiyapo. Mbola ili pa timphatikiram'mbuyo timene timawonjezera dala. "Kankhalamba" n'kuchepetsa, "chinkhalamba" n'kunyansidwa. Ndipo "nkhalamba" ndi mawu onenera munthu amene palibe, osati omuitanira. Pamaso pake timati agogo, kapena ambuye monga ankanenera Amang'anja, kapena anganga monga achitira ambiri kuno kumene Chiyao chimamveka pamsika uliwonse. "Amadala" anabwera ndi amuna a ku migodi ya ku Joni, m'masiku a Wenela amene anaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Pa bawo amakoma, koma sindingalole mdzukulu kuitana agogo ake motero. "Achikulire" ndi mawu aulemu amene wailesi yawakonda, ndipo sindikuwadana, kungoti akuphimba ena onse. Mawu okoma ngati "amvulazakale" akusowa owanena.

Mawu otsirizawa ndi ofunika kwambiri kuno kuposa kwina. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imalandira a Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 ngalawa zinakhala pamatope ong'aluka. Nthawi iliyonse achinyamata ankati nyanja yatha. Amene ankawatsutsa anali anthu oti anaziwonapo kale, odziwa kuti milamba imabisala m'matope ndi m'mathamanda a mitsinje, ndi kuti madzi akabwerera nsomba zimaswananso ngati anthu sanazisese kumathamandako. Iwo sanena kuti nyanja yatha. Amati yaphwa, chifukwa chophwa chimadzazanso. Munthu wazaka 70 lero anali mnyamata woweta ng'ombe mu 1968, ndipo zimene anawona sizinalembedwe m'buku la kusukulu. Kumutcha mvulazakale n'kuvomereza kuti amasunga mbiri ya mvula, ndipo pa nyanja yodalira mvula imeneyo ndi ntchito.

Wina anganene kuti ndikulimbana ndi mawu pamene okalamba akusowa ufa. N'zoona, mawu saphika nsima. Koma taonani kumene "anatha" amathera. Munthu akatha koma n'kumapumabe, mudzi umayamba kufunsa chimene chikumusunga. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, yankho limapezeka msanga, ndipo ndi mawu ena a zilembo zisanu: mfiti. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu anayi okalamba anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mtsikana wina atawombedwa ndi mphenzi. Lamulo la ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, lomwe limawerenga aliyense wazaka 60 kupita m'tsogolo. Malamulowa ali pa pepala ku Lilongwe. Ku mjigo ndi pa doko, chimene chimagamula ndi mmene mdzukulu amatchulira agogo ake pamene anzake akumva.

Aphunzitsi a Chichewa m'sukulu za kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji angathandize popanda kudikira buku latsopano. Alembe pa bolodi mizere iwiri, wina wa anthu, wina wa zinthu, ndipo ana aike okha kuguga, kufumbwa, kusuluka, kukalamba, kulema ndi kufooka pamalo pake. Akafika pa "kutha" mkangano ubuka, chifukwa wina adzakumbutsa kuti timanena kuti wodwala "watha thupi". Mphunzitsi amuyamikire, kenako amufunse chimene chathacho, thupi kapena munthu.