Makalabu a Chongololo

Makalabu a Chongololo ndi magulu a ana a m'masukulu a pulayimale m'Zambia omwe amaphunzira kusamala zachilengedwe. Adayamba m'chaka cha 1972 pansi pa bungwe lomwe lero limatchedwa Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia, lomwe likulu lake lili ku Longacres mumzinda wa Lusaka. Bungweli lidabadwa mu 1953, ndipo chodabwitsa n'chakuti poyamba lidali la alenje. Dzina la makalabuwa lidachokera kwa bongololo, yemwe ku Zambia amati chongololo, kachilombo ka miyendo yambirimbiri kamene kamadzipinda ukakakhudza. Ana a kusekondale ali ndi makalabu awoawo otchedwa Chipembele. Kuyambira 1978, maphunzirowa akhala akumvekanso pa wailesi m'pulogalamu ya Chongololo Club of the Air.

Zina mwa zachilengedwe ana a m'makalabuwa sangazione ndi maso. Zambia ilibe nyanja yamchere, choncho udzu womera pansi pa nyanja, monga wa ku Bazaruto ndi Inhaca ku Mozambique, mwana wa ku Kabwata mu Lusaka amangouona pa zithunzi. Udzuwo umagwira mchenga, umabisa tiana ta nsomba, ndipo bungwe la United Nations lidaupatsa tsiku lake, 1 Malichi. Chofanana nawo m'Zambia ndi madambo a Kafue Flats, omwe adalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo mu 1991. Udzu wake ukamira m'madzi osefukira, nsomba zimaswanamo, nyama za lechwe n'kumadya zili m'madzi ofika m'maondo. Namasupuni ndi zonyansa za m'mafakitale zimauvutitsa mtsinje wa Kafue, chonsecho ena mwa madzi a m'mipope ya Lusaka amapopedwa kuchokera mu Kafue momwemo.