Mafunso ndi Mayankho: Kodi Zidole Zinachokera Kuti?

FUNSO: Ndine mayi wa ku Malingunde, ndipo mwana wanga wangoyamba kumene kuyenda. Pamsika wa Mitundu ndimaona zidole zapulasitiki, koma ndalama zimandichepera. Kodi zidole zinachokera kuti, nanga mwana wosaguliridwa chidole adzatsalira nzeru?

YANKHO: Mayi, mtima wanu ukhale pansi, pakuti chidole sichinadze ndi sitolo. Ofukula zakale anapeza timangolo tadothi ku Mohenjo-daro, m'dziko limene lero ndi Pakistan, toumbidwa zaka zoposa 4,000 zapitazo. Ndipo kwanu komweko, damu la Kamuzu lisanatseke madzi a mtsinje wa Lilongwe, ana anali kuumba kale ng'ombe zadothi, kubereka chitsononkho kumsana, ndi kuphika masanje m'timiphika chimanga chikalowa m'nkhokwe. Makolo sanayese zimenezi chibwana chabe, popeza mwana wopakula nsima ya masanje anali kuphunzira kugawa, kudikira ndi kulemekeza mlendo.

Chimene chinadza pambuyo ndicho kulowetsa masewera m'sukulu, monga anachitira mphunzitsi Friedrich Fröbel ku Germany mu 1840. Sukulu zathu za m'mera mpoyamba zikuyenda m'mapazi omwewo.

Koma pa funso lanu lachiwiri, umboni umene ine ndiukonda koposa ndi wa ku Kingston, m'dziko la Jamaica. M'zaka za 1986 ndi 1987 akatswiri anasankha ana opinimbira a m'mabanja osauka, ndipo ena a iwo alangizi a zaumoyo ankawayendera sabata ndi sabata kwa zaka ziwiri, atanyamula zidole zopanga okha, naphunzitsa amayi kusewera ndi ana awo ndi kuwalankhula. Patapita zaka 20, anawo atakula, anapezeka kuti amalandira ndalama zoposa za anzawo osayenderedwa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Taonani, mphamvu sinali m'mtengo wa chidole, koma m'manja ndi m'kamwa mwa mayi wokhala ndi mwana pamphasa.

Chotero mwana wanuyo mpatseni chikho, chipande ndi zitini zosacheka, aziika china m'chinzake, azigwetsa ndi kutola, inu mukumutchulira dzina la chilichonse ndi kumuyankha pamene abwebweta. Atate ake ndi agogo nawonso asachite manyazi kugwada pansi. Chokhacho ndikupemphani, muchotse nyemba, mikanda, ndalama zachitsulo ndi mabatire, pakuti wa msinkhu umenewo chilichonse amaponya m'kamwa, ndipo asasewere yekha pafupi ndi moto, chitsime kapena ndowa ya madzi.